Mphasa imamera m'mbali mwa mtsinje

Achinyamata anzathu a m'makalabu, kodi munayamba mwadzifunsapo kuti mphasa yomwe mumagonapo kapena kuyanikapo ufa inachokera kuti? Ambiri a ife timangoigula pa msika wa Kamwendo kapena wa Mkanda osaganizako za bango lomwe linadulidwa kuti mphasayo ipezeke. M'nkhani ino tikambirana za luso loomba nsalu ndi kuluka pamanja, komanso chifukwa chake lusoli silingakhalepo popanda mitsinje, madambo ndi nyanja.

Makolo athu ankaomba nsalu

M'chaka cha 1859, David Livingstone atafika ku chigwa cha Shire anapeza Amang'anja akulima thonje la mitundu iwiri: thonje kaja, lomwe linali la makolo, ndi thonje manga, lomwe mbewu yake inachokera kunja. Anthuwa ankachotsa njere, kupota ulusi, kenako n'kuomba nsalu yolimba yotchedwa machila. Poomba, ankayala ulusi wina mulitali, n'kumalowetsa wina mopingasa, mzere umodziumodzi, mpaka nsalu itakwana. Ntchitoyi inkatenga masiku ambiri. Choncho nsalu za m'mafakitale akunja, monga merekani, zitachuluka m'dziko muno, anthu anasiya kuomba pang'onopang'ono mpaka lusolo linazimirira.

M'madera ambiri a kumtunda, makolo ankavala nyanda, yomwe ankapanga pomenya khungwa la mitengo monga mombo mpaka litafewa. Lero ndi ochepa mwa ife omwe anaionapo nyanda ndi maso. Apa tikuphunzirapo kuti luso likasowa olilandira, limapita kumanda pamodzi ndi eni ake.

Chomwe chatitsalira

Luso lomwe lidakalipo ndi la mphasa ndi mikeka. Wosoka mphasa amadula bango lokhwima m'nyengo ya chilimwe, kuliumitsa, kuling'amba, n'kulinyowetsa kuti lisathyoke. Akatero amalisoka ndi singano yaitali ndi chingwe cholimba, monga cha khonje.

Mkeka umapangidwa ndi mlaza, womwe umapezeka kwambiri m'madera otentha a kunyanja monga Salima ndi Mangochi. Woluka amang'amba masamba ake, kuluka timizere tatitali, n'kutilumikiza mpaka mkeka utakula. Mlaza wina amaunyika mu utoto asanaluke, ndipo apa ndi pomwe nzeru za woluka zimaonekera. Mlaza wosanyika uli ndi mtundu wa mchenga wa kugombe. Akausakaniza ndi wobiriwira, mkeka umakumbutsa bango lomera m'madzi, pomwe mizere yokhotakhota imaoneka ngati mafunde. Ife a ku Mchinji tilibe mafunde, koma tili ndi mapiri, madambo ndi mizere ya m'minda ya mtedza, zomwe munthu angathe kuzionetsa pa choluka chake.

Vuto lili pati?

Bango likuchepa m'madera ambiri kaamba ka zinthu zomwe tonse timaziona. Ena akulima madimba mpaka kufika m'madzi mwenimweni, n'kuzula bango lonse. Ena amatentha dambo pofuna mbewa, moto n'kupsereza bango lisanadulidwe. Komanso mphasa za pulasitiki zachuluka m'misika, zomwe zikuchititsa achinyamata kuona ngati kusoka mphasa ndi ntchito ya agogo okha.

Tisaiwale kuti mtsinje wa Bua umayambira m'boma lathu lino ndipo umakathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. Mizu ya bango imagwira dothi la m'mbali mwa mtsinje. Bango likatha, dothi limakokoloka n'kukadzaza mtsinje kumunsi, komwe nsomba ya mpasa imakwera kuchokera m'nyanja kudzaswana. Choncho tikaononga bango kuno, tataya mphasa yathu, komanso tapweteka msodzi wa mpasa yemwe sitinakumane naye n'komwe.

Kalabu ingachitepo chiyani?

Choyamba, tiyeni tifufuze m'midzi mwathu anthu omwe amadziwa kusoka mphasa, kuluka madengu kapena malichero, ndipo tiwapemphe mwaulemu kuti adzatiphunzitse pa tsiku lomwe kalabu imakumana. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Anyamata ndi atsikana omwe angathe kuphunzira.

Chachiwiri, tikambirane ndi amfumu kuti m'mbali mwa mtsinje musiyidwe malo osalima, ndi kuti dambo lisamatenthedwe. Podula bango tisankhe lokhwima lokha ndipo tisazule mizu, chifukwa ndi yomwe imaphukanso.

Chachitatu, tisanaike mtengo pa mphasa kapena mkeka, tiwerengere masiku omwe tagwira ntchito, ndalama za chingwe ndi za utoto. Ambiri amagulitsa motchipa chifukwa saona nthawi yawo ngati chinthu chamtengo. Ndalama za mphasa sizingatilemeretse lero ndi lero, koma zingathe kugula makope, sopo kapena mpira wa kalabu popanda kupempha kwa munthu.

Zokambirana pa kalabu

Kodi m'dera lanu bango likupezekabe komwe makolo anu ankadula? Ngati linatha, chinachitika n'chiyani? Nanga ndani m'mudzi mwanu yemwe angakuphunzitseni kusoka mphasa chilimwe chikubwerachi?