Njila ya kuseli pa kompyuta ya ofesi: amene ayang'anila amaidziwa bwanji?

Pa 12 August 2021, tsiku la masankho, anthu ambili m'Zambia anapeza kuti WhatsApp, Facebook ndi Twitter zaleka kugwila nchito. Acinyamata sanacedwe. Anaika VPN m'mafoni ao ndi kuyambanso kutumizilana mauthenga. Bungwe la Chapter One Foundation linatengela ZICTA ku High Court, ndipo khoti linalamula kuti intaneti itsegulidwe. Kucokela nthawi imeneyo, dzina la VPN lidziwika ngakhale kumidzi monga kwa Pembamoyo.

Za pa foni yanu ndi zanu. Nkhani isintha pamene pulogalamu yomweyo ilowa pa kompyuta ya pa nchito: ya kopaletivu, ya wogulitsa feteleza, ya ku kiliniki kapena ya mu ofesi ya palishi. M'makina amenewa muli maina a alimi, manambala a NRC, manambala a foni olandililapo ndalama, ndi mabuku a ubatizo ndi maukwati.

Kodi proxy n'ciani? Mukatsegula tsamba pa intaneti, kompyuta yanu imapita yokha kukagogoda, ndipo keyala yake, yochedwa IP, ioneka. Proxy ndi mtumiki amene akugogodelani. Woyang'anila makompyuta pa kampani aona cabe kuti mwalankhula ndi mtumikiyo, osati kumene iye wapita. VPN icita cimodzimodzi koma ikulunga zonse kuti zisawelengeke. Tor idutsitsa uthenga pa makompyuta 3 isanaufikitse. Ife a m'malile a Malawi ndi Mozambique tidziwa kusiyana kwa cipata ca boma ndi kanjila ka m'chile. Proxy ndiko kanjilako.

Wanchito angaike proxy cabe kuti aonele mpila kapena Facebook imene abwana anatseka. Vuto n'lakuti mtumiki wa ulele nthawi zina amadzilipila yekha. Mu May 2024, boma la America linalengeza kuti laphwanya gulu lochedwa 911 S5. Gululi linafalitsa ma VPN a ulele monga MaskVPN ndi DewVPN, ndipo makeyala a IP opitilila 19 miliyoni m'maiko pafupifupi 200 anagwela m'manja mwake. Makeyalawo anali kubweleketsedwa kwa akuba. Mwini kompyuta sanali kudziwa kuti upandu ucitikila pa dzina lake.

Nanga woyang'anila aigwila bwanji, popeza zonse n'zokulungidwa? Saona kalata, koma aona envulopu. Coyamba, makeyala a ma proxy ambili ndi odziwika. Mndandanda wa makompyuta ambili a Tor uli poyela, ndipo makina a pa cipata ca kampani amalinganiza nao ulendo uliwonse. Caciwili, kompyuta yogwila nchito bwino ilankhula ndi malo ambili osiyana-siyana. Ikayamba kutumiza zonse ku keyala imodzi ya kunja kwa dziko kwa maola ambili, pali cifukwa cofunsila. Cacitatu, kompyuta isanatsegule tsamba imafunsa keyala ya dzina lake, cimene akatswili acha DNS. Mafunso amenewa akaleka koma mabando akutha ndithu, ndiye kuti ulendo wapatukila kwina.

Cacinai ndi makomo. Pulogalamu iliyonse ili ndi khomo lokhala ndi nambala limene izolowela: OpenVPN ikonda 1194, WireGuard 51820. Ocenjela amasamukila pa khomo 443, lomwe masamba wamba apitila, koma moni umene pulogalamu ipeleka poyamba kulankhula uli ndi kapangidwe kake, monga mmene mumazindikila munthu wa ku Petauke akangotsegula pakamwa. Cothela ndi nthawi. Kompyuta imene ilankhula ndi maiko akutali 2 koloko usiku, ofesi ili yokhoma, idziulula yokha.

Si VPN iliyonse imene ili yoipa. Mabanki ndi makampani ali ndi zao, zolumikiza nthambi ndi likulu. Imene asakasaka ndi ija yoikidwa mobisa. Komanso kuyang'anila sikupatsa abwana ufulu wofufuza moyo wa wanchito. Lamulo la Data Protection Act la 2021 lifuna kuti amene asunga mbili za anthu aziteteze, ndipo mbili za wanchito nazo ndi za munthu. Cilungamo n'cakuti anchito auzidwe poyela, polemba, zimene ziyang'anilidwa ndi zimene n'zoletsedwa.

Kopaletivu kapena palishi ilibe katswili wa makompyuta, koma zina ingacite yokha. Komiti iziona mwezi uliwonse mndandanda wa mapulogalamu ali m'kompyuta, ndi kufunsa za aliyense amene siimudziwa. Pasiwedi yoikila mapulogalamu atsopano ikhale ndi anthu awili okha. Tsegulani tsamba la MiFi kapena rauta muone zipangizo zolumikizidwa. Lembani m'buku masiku amene bando imatha. Ikayamba kutha msanga nchito isanaculuke, funsani. Ndipo mwana wa mlembi akafuna kuonela mpila, acite zimenezo pa foni yake.

Mlimi amene apeleka NRC yake ku ofesi ali ndi ufulu wofunsa kuti: kodi ndani wina amagwila kompyuta imeneyi? Funsani pa msonkhano wa kopaletivu ukubwelawu, nyengo yolembetsa feteleza isanafike.