Mmene mungachitire pamzere wa katemera wa chiwewe ngati mukupita ndi galu koyamba

Kuyambira chaka cha 2015, bungwe la Mission Rabies mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto lakhala likubaya agalu katemera wa chiwewe kwaulere mu mzinda wa Blantyre. Chaka choyambacho adabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20. Kuti chiwewe chisafale, pamafunika kuti agalu 70 mwa 100 alionse alandire katemera. Choncho galu mmodzi akathawa pamzere chifukwa cha chipwirikiti, dera lonse limataya.

Ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena Machinjiri, malo obayira nthawi zambiri amakhala pasukulu ya pulaimale. Pamasonkhana agalu ambiri osadziwana.

Mangani galu wanu ndi chingwe cholimba kapena tcheni, osati waya wopyapyala womudula pakhosi. Gwirani chingwecho chachifupi ndipo siyani mpata pakati pa galu wanu ndi wa mnzanu. Musawalole kununkhizana, ndewu zambiri zimayambira pamenepo. Ngati galu wanu ndi wolusa, kapena ndi wamkazi amene ali pa nthawi yofuna mwamuna, imani pambali ndipo uzani obaya katemera musanafike kutsogolo. Galu wotere asapite ndi mwana yekha. Ana agalu anyamuleni mudengu kapena m'katoni.

Pamzere palibe galu wa bwana. Kaya wanu ndi German Shepherd, kaya ndi wachikuda, jakisoni ndi yemweyo, ndipo amene anafika msanga ndiye ayambe. Musaseke galu wowonda wa mnzanu. Mwini wake akachita manyazi sadzabweranso chaka chamawa, ndipo galu wosabayidwayo azidzayenda pakhomo panu pomwepo, pamene ana anu amasewera. Mukaona mwana akulimbana ndi galu wamphamvu, muthandizeni, koma funsani kaye musanagwire galu wa mwini.

Nthawi yanu ikafika, gwirani galu mmene akuuzirani, mulankhule naye mofatsa, musamumenye. Landirani chiphaso cha katemera, mukachisunge bwino, kenako chokani msanga kuti ena apeze malo. Galu akachita chimbudzi pabwalo la sukulu, chotsani.

Wina akalumidwa, kukangana kudikire. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.