Moto Ukazima, Thanthwe Silikhalanso Lomwe Lija

 Madzulo ano tikutengerani kutali, kutsidya kwa nyanja yamchere, ku dziko la Australia, kuti tikaone zimene moto wolusa umachita ku mapiri a miyala, ndi mmene umasautsira anthu amene masewera awo ndi kukwera matanthwe. Mwina wina afunsa kuti, "Nanga za anthu okwera miyala kwa eni zikutikhudza bwanji ife kuno?" Dekhani, pakuti akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tiyambe talongosola masewerawo. Ambiri a ife timakwera phiri potsata njira, kukatema nsungwi kapena kukatola nkhuni. Koma alipo anthu ena amene amasiya njira dala, nasankha mwala woima chilili ngati chipupa cha nyumba, naukwera ndi manja ndi mapazi. Kawirikawiri amayenda awiriawiri. Aliyense amavala lamba wolimba m'chiuno ndi m'ntchafu, ndipo amalumikizana ndi chingwe cha nayiloni chotalika mamita 60 kapena kuposerapo. Wotsogola akamakwera amakoweka chingwecho ku zitsulo zokhomedwa m'thanthwe, pamene mnzake ali pansi akuchimasula pang'onopang'ono. Wotsogolayo akaterereka, wa pansi amagwira chingwe zolimba, ndipo munthu uja amangolendewera pa chitsulo chimene anakoweka komaliza. Chotero moyo wa wokwera umatsamira pa zinthu zitatu: mwala umene wagwira, chitsulo chokhomedwa m'mwalamo, ndi mtengo wa pamwamba pa phompho umene amamangirirako chingwe potsika. Moto umakhudza zitatu zonsezi.

Kumadzulo kwa mzinda wa Sydney, ulendo wa makilomita ngati 100, kuli mapiri otchedwa Blue Mountains. Kumeneko kuli matauni a Katoomba ndi Blackheath, amene anamangidwa pamwamba pa zigwa zakuya zozingidwa ndi makoma aataliatali a mwala wa mchenga. Malo amenewa ndi amodzi mwa malo otchuka zedi kwa okwera matanthwe m'dziko lonselo. Nkhalango yake ndi ya mabulugamu, mitengo yomwe ija tinabzala kwathu kuno, koma kumeneko ndiko kwawo kwenikweni. Amene anasonkhapo moto ndi masamba a bulugamu akudziwa mmene amalilimira kaamba ka mafuta amene ali m'kati mwake. Tsono taganizani nkhalango yathunthu ya mitengo yotere itauma ndi chilala cha zaka zingapo.

Pa 26 Okutobala 2019 mphezi inagwa pa phiri la Gospers, m'nkhalango ya Wollemi, kumpoto kwa mapiriwa, niyatsa moto umene unayaka miyezi yoposa iwiri. Moto umodzi wokhawo unatentha mahekitala oposa 500,000, ndiye kuti dera loposa kawiri kukula kwa boma lonse la Mulanje. Mu Disembala moto unalowa m'chigwa cha Grose, pafupi ndi Blackheath, ndipo wina unapsereza mtunda wa Narrow Neck pafupi ndi Katoomba, malo amene anthu akhala akukwerako matanthwe kwa zaka zambiri. Pofika kumapeto kwa nyengoyo, pafupifupi magawo anayi mwa magawo asanu a nkhalango yotetezedwa ya Greater Blue Mountains anali atapsa. M'dziko lonse la Australia anthu 33 anafa ndi motowo, ndipo nyumba zokwana ngati 3,000 zinasanduka phulusa.

Utsi utapita, makoma a miyala aja anali chiimire pomwe anali kale. Munthu woyang'ana chapatali akanati palibe chimene chasintha, koma kuda kwa mwaye basi. Apa ndiye pagona nkhani yathu, pakuti maso amanama.

Choyamba ndi mwala weniweniwo. Amayi amene amaphika pa mafuwa akudziwa kuti fuwa limene lakhala pamoto nthawi yaitali limasenda makoko, ndipo tsiku lina limangoti phwa, kusweka pakati. Nawonso oswa miyala m'mphepete mwa misewu yathu amasonkha moto pa thanthwe lokanika kuti lichite ming'alu asanalimenye ndi hamala. Chifukwa chake nchakuti kutentha sikulowa msanga m'kati mwa mwala. Khungu lakunja limatentha nilifufuma, pamene m'kati mukadali mozizira, ndipo pa kukokanako khungulo limalekana ndi thupi la mwala. Chinyezi chimene chinabisala m'timabowo chimasanduka nthunzi, nichikankha chakunja. Kuwonjezera apo, mwala wa mchenga unapangika ndi timibulu ta nsangalabwi, ndipo nsangalabwi ikafika pa madigiri 573 imafufuma mwadzidzidzi, nimasula zimene zinamata timibuluto. Kumbukirani kuti madzi amawira pa madigiri 100 okha, pamene malawi a moto wolusa m'nkhalango yowirira amapitirira madigiri 800.

Zotsatira zake nzakuti mapale a mwala, ena ochepa ngati chikhatho, ena otambalala ngati lichero, amayoyoka, ndipo ena amatsala ali lendee, ongoyembekeza dzanja loti liwakoke. Pamene wokwera ankagwira chaka chatha popanda nkhawa, lero pangathe kuthyoka ngati chikoko cha nsima. Ngozi siikhala kwa iye yekha ayi, komanso kwa mnzake amene waima pansi atagwira chingwe, pakuti pale lija limagwera iyeyo. Nchifukwa chake odziwa bwino amayamba ayang'ana maonekedwe a mwala. Mwala wa mchenga wokhala ndi chitsulo m'kati umafiira ukapsa, monga ichitira njerwa ya mu uvuni. Kenaka amaugogoda, monga achitira amayi pogula mphika pa msika. Mwala wabwino umalira molimba, koma wolekana m'kati umalira ngati ng'oma yobooka. Kawirikawiri kumunsi kwa khoma ndiko kumaonongeka kwambiri, pakuti ndiko kunali tchire ndi zinyalala zodyetsa motowo, pamene chapamwamba, kumene malawi sanafike, mwala umatsala wamphumphu.

Chachiwiri ndi zitsulo zija. Popeza mwala wa ku Blue Mountains ngwofewa, zitsulo zambiri sizikhomedwa ngati msomali pa thabwa ayi. Amaboola thanthwe, nathiramo guluu wamphamvu, nalowetsamo chitsulo chokhala ndi mphete kunja kwake. Guluu ameneyu akauma amagwira koposa, koma mdani wake ndi kutentha, ndipo amayamba kufooka moto usanafike n'komwe pa mlingo wosweretsa mwala. Chitsulocho chimatenga kutentha kwa kunja nichikulowetsa m'kati mwa bowo, monga supuni yosiyidwa mu tiyi imaotchera zala. Choopsa nchakuti mphete ija imaonekabe yabwinobwino. Ukaipukuta mwaye imanyezimira ngati yatsopano, pamene chimene chinaigwira m'kati chapsa, kapena mwala wouzungulira wachita ming'alu yosaoneka. Munthu sangadziwe kufikira tsiku limene adzagwe ndi thupi lake lonse pa chitsulocho, ndipo tsiku limenelo silikhala lofunsirapo nzeru. Zingwe ndi malamba a nayiloni amene ena amasiya pa thanthwe ndiye osanena, pakuti nayiloni amasungunuka pa madigiri ngati 250, ndipo amafooka kale asanasungunuke. Njira yake ndi imodzi: anthu odziwa ntchitoyi atsike ndi chingwe chomangidwa pamalo odalirika, ayese zitsulozo chimodzichimodzi, ndipo chokayikitsa chichotsedwe, akhome china pamwala wabwino. Ntchito imeneyi kawirikawiri amaigwira ndi okwerawo eni ake mongodzipereka, ndipo siitha tsiku limodzi.

Chachitatu ndi mitengo ndi nthaka. Bulugamu wamkulu amatha kupsa m'kati ngati ng'anjo, kunja kuli chiimire. Mizu yake nayo imanyeka pansi pa nthaka kwa masiku ambiri osaoneka. Mtengo wotere ndi msampha. Wokwera akamangirirako chingwe monga ankachitira kale, ungathe kuzuka naye limodzi, ndipo nthambi zake zimagwa popanda chenjezo ngakhale tsiku lopanda mphepo. Miyala imene inatchingidwa ndi mizu ndi zitsamba m'matherezi imatsala yopanda choigwira, nigubuduka ikangopondedwa. Chodabwitsa china nchakuti nthaka yopsa kwambiri imakana madzi. Mafuta a m'masamba akapsa amalowa m'dothi ngati nthunzi, nauma m'menemo, ndipo mvula ikagwa madzi salowa pansi koma amangothamanga pamwamba ngati pa lata.

Izi zinaoneka poyera mu Febuluwale 2020. M'masiku anayi okha mzinda wa Sydney unalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 400. Mvulayo inazimitsa moto umene anthu analephera kuugonjetsa, ndipo dziko linapuma. Koma walira mvula walira matope. Madzi anakokolola phulusa, dothi, miyala ndi zipika kuchokera m'mapiri opanda chofunda, nagumula njira zotsikira m'zigwa. Kwa okwera matanthwe vuto linawonjezeka, pakuti mwala wa mchenga ukanyowa umafooka, ndipo wopsa ndi wonyowa pamodzi ndiye woipitsitsa.

Pa zifukwa zimenezi akuluakulu oyang'anira nkhalango m'chigawo cha New South Wales anatseka malo ambiri, ena kwa miyezi yambirimbiri. Sikunali kuteteza anthu kokha ayi. Nthaka yopsa ili ngati chilonda chimene chikupola, ndipo phazi lililonse lopatuka m'njira limapha timbewu tongophuka kumene, nilitsegula ngalande yatsopano ya madzi. Amene anapirira anaona mphotho yake. Mabulugamu akuda bii aja anaphuka masamba m'thunthu monse, ndipo kumayambiriro kwa 2021 mtunda wa Narrow Neck unadzala ndi timaluwa tofiirira totchedwa pink flannel, timene mbewu zake zimagona m'nthaka zaka zambiri kufikira utsi ndi mvula zitazidzutsa. Zoonadi, kuona maso a nkhono nkudekha. Koma tizindikire kusiyana kwake: mtengo umaphukanso, maluwa amabwerera, koma pale la mwala likagwa lagwa, ndipo njira ina yokwerera imene anthu anaidziwa zaka zambiri siidzakhalanso monga inalili.

Tsopano tibwerere kwathu. Masewera amenewa si achilendo m'dziko muno, pakuti pa phiri la Mulanje pali nsonga ya Chambe, imene khoma lake la kumadzulo ndi lotalika mamita ngati 1,700, ndipo limawerengedwa pakati pa makoma aatali koposa okwerapo mu Africa monse. Alendo amachokera kutali kudzaliyesa, ndipo anyamata ambiri a ku Likhubula amapeza chakudya cha ana awo potsogolera alendo ndi kuwanyamulira katundu pa phiripo. Mwala wa Mulanje ngwolimba kuposa wa ku Blue Mountains, koma nawo umasenda makoko ukapsa. Komanso pa matanthwe oterera a kumeneko okwera amadalira zitsotso za udzu ndi tizitsamba tomera m'ming'alu, ndipo moto ukadutsa zimenezi zimatsala zosagwira. Chaka ndi chaka, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, timaona mizere ya moto usiku m'mapiri athu. Wa ku Gospers unayatsidwa ndi mphezi, koma wathu kawirikawiri umachokera m'manja mwa osaka nyama ndi mbewa, ootcha makala, kapena wosuta fodya wosasamala. Moto umenewu ndiwo umodzi mwa adani a mkungudza wa pa Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Ndipo anthu a ku Phalombe amene anaona napolo wa mu Malichi 1991, ndi onse amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, safuna wowauza zimene madzi ndi miyala zimachita zikatsika phiri pamodzi. Phiri lovulidwa ndi moto limakumana ndi mvula yotere lilibe chodzitetezera.

Chotero, omvera athu, phunziro la okwera matanthwe ndi lathu tonse. Inu amayi otola nkhuni pa lupsa, musapumule pansi pa mtengo wakuda ndi moto. Inu anyamata oweta mbuzi, musakwere kapena kusewera pansi pa thanthwe limene lapsa chaka chino, makamaka mvula yoyamba ikangogwa. Inu otsogolera alendo, yambani mwaiyendera njira musanatengeko munthu, ndipo a za nkhalango akatseka malo, mverani. Koposa zonse, tithandizane kulambula njira zotchinga moto nthawi ikadalipo, ndipo wogwira machesi ayambe waganiza.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Tidzakumananso sabata ya mawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino nonse.