Galimoto zakale za ku America zibwerera m'mipikisano popanda kusintha cikhalidwe cake

Galimoto zamphamvu zimene zinapangidwa ku America m'zaka za m'ma 1960 zikali kuthamanga m'mipikisano ya galimoto zakale, koma malamulo salola kuti eni ake aziwonjezere mphamvu ndi zipangizo zamakono.

Imodzi mwa galimoto zochuka za mtunduwu ndi Ford Galaxie, imene mbiri yake inafika kuno kumwera kwa Africa. Galimotoyi inakonzedwa ndi kampani ya Holman & Moody ku America, ndipo inali ndi injini ya masilinda 8 ya malita 7.

M'mwezi wa May 1963, Jack Sears anayendetsa Galaxie ya timu ya John Willment pa bwalo la Silverstone ku Britain ndi kugonjetsa galimoto za Jaguar, zimene zinali zitalamulira mipikisanoyo kwa zaka zingapo. Caka comweco a Sears anakhala katswiri wa dzikolo. Pambuyo pake galimotoyo inatumizidwa ku South Africa, kumene Bob Olthoff anatenga nayo ukatswiri m'caka ca 1965.

Kukonzekeretsa galimoto yotere lero ndi nchito yosiyana kwambiri ndi imene anthu anazolowera m'magalaji a ku Petauke kapena ku Nyimba. Makaniko wokonza galimoto yonyamula anthu ndi katundu kupita ku Sasare amayamikiridwa akatha kuika cipangizo ca galimoto ina kuti ulendo upitirire. M'mipikisano ya galimoto zakale, luso lomwelo lingacititse kuti galimoto ibwezedwe pa cipata.

Bungwe loyang'anira masewera a galimoto pa dziko lonse la FIA lili ndi gawo la malamulo lochedwa Appendix K. Malamulowa afuna kuti injini, magiya, mabuleki ndi thupi la galimoto zifanane ndi mmene galimoto za mtunduwo zinalili pa nthawi imene zinali kupikisana. Galimoto ikayesedwa ndi kuvomerezedwa, imapatsidwa cikalata cochedwa Historic Technical Passport.

Apa ndi pamene pagona vuto. Galimotozi ndi zazikulu ndiponso zolemera, ndipo mabuleki a zaka zimenezo amatentha msanga woyendetsa akamawaponda kawirikawiri. Makaniko adziwa bwino mankhwala ake, koma saloledwa kuika mabuleki amakono. Cimene angacite ndi kuphwasula zonse, kuyeza cipangizo ciliconse, ndi kubwezera catsopano copangidwa mofanana ndi cakale. Matayala nawo ndi a mapangidwe akale, motero galimoto imatsetsereka pokhota, ndipo ici ndico cimene owonerera ambiri amalipirira.

Kusintha kumaloledwa pa zoteteza moyo. Mkati mwa galimoto mumamangidwa zitsulo zochinjiriza woyendetsa ikagubuduzika, mumaikidwa malamba olimba, cozimira moto ndi cida cozimitsira magetsi onse nthawi imodzi.

Galimotozi zimaoneka pa Goodwood Revival ku Britain, mwambo umene unayamba m'caka ca 1998, komanso pa bwalo la Zwartkops pafupi ndi Pretoria. Galaxie ya a Sears inabwerera ku Britain m'manja mwao, ndipo inagulitsidwa pa okushoni m'caka ca 2017, patapita caka cimodzi iwo atamwalira.