Dzuwa Likabisala ku Tromsø

Mumzinda wa Tromsø, kumpoto kwenikweni kwa dziko la Norway, dzuwa limalowa chakumapeto kwa Novembala osaonekanso kufikira mu Januwale, kotero kuti ana amanka kusukulu kuli mdima nabwerako kuli mdima, kupatula kachisisira kamene kamadza masana kwa maola owerengeka.

Mdima wotere ulemetsa mtima. M'chaka cha 1984, dokotala Norman Rosenthal ndi anzake ku America anafotokoza nthenda imene imagwira anthu ena m'nyengo yachisanu, ndiyo tulo tosatha, kulefuka kwa thupi, nkhuli ya zotsekemera ndi chisoni chopanda maliro. Ndipo ena amapeza mpumulo pokhala pafupi ndi nyali yowala kwambiri kwa theka la ola m'mawa uliwonse.

Koma eni dziko ku Tromsø, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, sakhala manja lende. Amayatsa makandulo m'mazenera, namwa mafuta a chiwindi cha nsomba popeza thupi losaona dzuwa limaperewera vitamini D, ndipo madzulo, atatha kudya, ambiri amatenga singano ndi ubweya wa nkhosa naluka majuzi, monga a mtundu wotchedwa Marius amene Unn Søiland anawakonza mu 1953. Ine ndiyesa kulukaku kuposa nyali, pakuti munthu amene tsiku lake lilibe m'mawa kapena madzulo amaona mkono wa juzi ukutalika, nadziwa kuti masiku akupitadi. Mu Januwale amatuluka ndithu, atavala majuziwo, kukaonera mafilimu pabwalo pa chikondwerero chimene chinayamba mu 1991.