Makapisozi a bowa ndi agogo oiwalaiwala

Kwa ife ogwira ntchito ya zamankhwala, funso ili likubwera kawirikawiri: amayi ayamba kuiwalaiwala, mwana wawo wa ku Johannesburg watumiza botolo la makapisozi a bowa wotchedwa lion's mane, kodi amwe?

Bowayu amamera pamitengo, ndipo ku Japan ndi ku China ndi ndiwo. Muli zinthu zotchedwa hericenones ndi erinacines, zimene mu labotale zimachititsa maselo kupanga puloteni yokulitsa minyewa. Kutchuka kwake konse kunayambira pamenepo.

Nanga pa anthu? Kafukufuku amene ogulitsa amamutchula kwambiri anachitikira ku Japan, ndipo anatuluka mu 2009. Anthu 30 a zaka 50 mpaka 80, oiwala pang'ono, anawagawa pawiri: ena ankamwa bowayu, ena mapilisi opanda mankhwala, kwa masabata 16. Omwa bowa anakhoza bwino mayeso oyeza kaganizidwe. Atasiya kumwa, patatha masabata anayi, malikisi awo anayamba kutsika. Ineyo ndimaona kuti ofufuza ayenera kupitiriza, koma anthu 30 ndi ochepa zedi moti sindingauze banja kuti liziwononga ndalama mwezi ndi mwezi. Ku Singapore, mu 2019, anapeza kuti okalamba odya bowa kopitirira kawiri pa sabata sankapezeka kwambiri ndi vuto loiwala. Komatu ameneyo anali bowa wophika, wapambale, ndipo kafukufuku wotere satiuza ngati bowayo ndiye anachititsa.

Chenjezo lilipo. Bowa wina, reishi, amene amamusakaniza m'makapisozi ambiri, angawonjezere kutaya magazi kwa omwa warfarin kapena asipirini.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti botolo limachedwetsa ulendo wa kuchipatala. Kuiwala kwina kumachizika: kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, kuvutika maganizo, ngakhale mankhwala ena ogonetsa. BP ndi shuga zosalamulirika zimawononga timitsempha ta muubongo mwakachetechete, ndipo gogo amene sakumva bwino amaoneka ngati wasokonezeka pamene akungofunika kumuyeza makutu. Kwathu kuno, wokalamba wosochera usiku amafika ponenedwa ufiti, chikhalirecho ndi matenda.

Choncho ndikafunsidwa ndimati: perekezani amayi akayezedwe BP, shuga, magazi ndi makutu, ndipo munyamule mankhwala onse amene akumwa, botolo la bowalo lomwe, adokotala akaone.