MAKALA NDI ABALE ACE

Inu alimi a ku Chama, makala muwadziwa, mwaye wa kutsindwi muudziwa, ndipo ana anu alemba ndi pensulo kusukulu. Za dayamondi mwangomva mbiri cabe. Tsono dziwani kuti zinai izi ziri za mtundu umodzi, dzina lace kaboni. Cisiyanitsa ndico mamangidwe a tizidutswa tace tosaoneka ndi maso, monga bango limodzimodzi licita mphasa, licitanso mpanda.

Dayamondi. M'mwala uwu kacidutswa kali konse kagwirana ndi tinzace tinai ku mbali zonse, cifukwa cace palibe mwala wina wa m'nthaka woposa dayamondi kulimba. Pa migodi amuika ku mano a zitsulo zoboolera matanthwe. Koma m'caka ca 1797 Smithson Tennant wa ku England anaonetsa kuti dayamondi akapsa aturutsa mpweya womwewo umene uturuka m'makala. Mukatola mwala wonyezimira mu mcenga wa Luangwa musafulumire kusiya khasu, pakuti yambiri iri miyala wamba.

Girafaiti. Uyu ndiye mtima wakuda wa pensulo, wosanganizidwa ndi dongo. Tizidutswa tace tagwirana titatu-titatu m'mapepe osanjikizana ngati mphasa, ndipo mapepewo aterereka. Ndico cifukwa cace atsala pa pepala polemba. Magetsi apita mwa iye, koma mwa dayamondi iai. Apezeka ku Njoka ca ku Lundazi, ndi ku Petauke. Mudzamzindikira pakuti ali wofewa, woterera m'zala, nadetsa manja.

Makala. Awa tizidutswa tace tiribe mizere, ndipo m'kati mwace muli timauna tosawerengeka. Sali kaboni yekha-yekha, pakuti muli phulusa pang'ono. Mwa abale onsewa, makala ndiwo a phindu kwa mlimi. Timaunato tisunga madzi ndi cakudya ca mbeu, ndipo makala saola msanga monga mapesi. Ku Amazon, m'dziko la Brazil, kuli nthaka yakuda imene anthu akale anathiramo makala ndi zinyalala, ndipo ikali yaconde patapita zaka mazana ambiri.

Kacitidwe kace. Musagwetse mitengo ya tsanya cifukwa ca nchito iyi. Tsanya akula pang'onopang'ono, ndipo mtengo wodulidwa lero mwana wanu sadzauona. Tengani zimene mumataya: zitsononkho, mapesi ndi mankhusu a mpunga.

1. Kumbani dzenje kutali ndi nyumba ndi nkhokwe, tsiku lopanda mphepo.
2. Kolezani moto pansi pace, ndi kuonjeza zitsononkho ndi mapesi ouma pang'onopang'ono. Mankhusu muwaunjike pa okha mozinga kamoto, anyeke mosayaka.
3. Zonse zikada, zisanasanduke phulusa loyera, zimani ndi madzi ambiri.
4. Sinjani, sanganizani ndi manyowa a mbuzi kapena a nkhuku, zikhale zonyowa masabata awiri kapena atatu.
5. Kwirirani m'mizere musanabzale.

Kumbukirani kuti makala pa okha sali manyowa. Mukawathira ouma ayamba amwa cakudya ca m'nthaka, ndipo mbeu zicita cikasu. Athandiza kopambana m'nthaka ya mcenga yosasunga madzi; m'dothi lakuda lomata la kudambo phindu lace licepa. Yambani ndi mizere iwiri kapena itatu, ndipo pokolola muyerekeze ndi inzace.

Cenjezo. Makala oyaka m'nyumba yotseka aturutsa mpweya wakupha, wosaoneka ndi wosanunkha. Munthu amva mutu ndi cizungulire, nagona tulo tosadzuka nato. M'miyezi yozizira ya June ndi July musagone ndi mbaula m'nyumba. Mukapeza munthu atakomoka, muturutseni panja msanga, ndi kupita naye ku cipatala.

Mukolole caka cino, musatenthe zotsala zonse kufikira phulusa. Kumbani dzenje limodzi, muyese.